Mkamwini pa Chitenje cha Apongozi

Bilimankhwe ndi Khwangwala ankakangana tsiku ndi tsiku za masewera odabwitsa. Bilimankhwe ankasewera pamsika: umamuika pachikhatho, iye n'kusanduka mtundu wa malaya ako, ana n'kumagubuduka ndi phwete. Khwangwala, amene anafikako kutauni kamodzi kokha koma nkhani zake zosatha, ankati zimenezo n'zachimidzi.

"Achimwene, anzanu pa kanema akusowetsa njovu yathunthu," ankatero Khwangwala. "Inu mukadali pazikhatho?"

Tsono Bilimankhwe anali atafunsira Nachanza, mwana wa Mayi Gulo. Mayiwo sankakhulupirira zongomva. Ananenetsa kuti ukwati kulibe mpaka aone okha ntchito ya mnyamatayo. Koma ndi mkamwini wanji wosewera pamaso pa apongozi? Bilimankhwe akangowaona patali ankapatuka ndi manyazi.

"Ndiye pitani pa kanema," anatero Khwangwala. "Akuonani muli kutali."

Bilimankhwe anakondwa kwabasi. Ndi kayendedwe kake kaja, ulendo wa kutauni unamutengera masabata awiri, koma anakamujambula ndithu. Loweruka masana nyama zonse zinadzaza golosale ya Njiri, komwe kunali kanema imodzi yokhayo m'deralo. Mwini masewera anabisala kuseri kwa chitseko.

Posakhalitsa anaonekera pa kanemapo. Woulutsa anayamba kukuwa: "Taonani, wafiira! Wabiriwira! Wasanduka wachikasu!" Kalanga ine, kanema ya Njiri inali yamakedzana, yoonetsa zoyera ndi zakuda basi. Onse anangoona kanyama kotuwa ngati phulusa katakhala panthambi, kakutembenuza maso.

"Ntchito yake ndi imeneyi, yokhala pansi?" anafunsa Mayi Gulo. Golosale yonse inafa nacho chiseko. "Nachanza, tiye kwathu."

Bilimankhwe anamva chisoni chosaneneka. Anati athawe, koma liwiro alitenga kuti? Apongozi anamupeza pakhomo pomwepo, ndipo pofuna kuwapatukira anapunthwa n'kugwera pa chitenje chawo. Chifukwa cha manyazi anasanduka chitenjecho, maluwa ofiira ndi madontho achikasu omwe, n'kuzimiririka.

Mayi Gulo anawerama. "Anthuni, chitenje changa chikundiyang'ana."

Anamugwira ndi chala, n'kupeza kuti duwalo likupuma. Anavula duku lawo labuluu n'kumuikapo, iye buluu. Anamuika pa thumba la ufa, iye mbee. Mayiwo analuluta, nyama zonse zinaunjikana pakhomo, aliyense ndi nsalu yake, kanema n'kutsala ikudziyankhulira yokha ndi Khwangwala.

"Ukwati ulipo," anatero Mayi Gulo akupukuta misozi ya chiseko. "Koma zothawana nane zithe lero, bambo. Mawa ndikukagula chitenje china, mubwere m'mamawa."

Phunziro: Luso lenileni limakoma polionera pafupi. Amene ukufuna akukhulupirire, usamuonetse zako uli patali.