Chitseko cha Kamtedza

Kalekale, m'mudzi wina wa kuseri kwa phiri, kumene mphepo ya mwera imalowa m'nyumba osaodira, munali mkamwini wina dzina lake Kamtedza. Mkamwini mukumudziwa, ana inu, ndi mwamuna amene wasiya kwawo n'kukakhala kwawo kwa mkazi. Iwe ukuseka ukowe, tsiku lina udzakhala mkamwini nawenso, ndiye tchera khutu.

Kamtedza anali mmisiri wosema. Mitondo, mipini, zipande, zonse zinkatuluka m'manja mwake zosalala. Atakwatira Nankhoma anamanga nyumba monga mwa mwambo, n'kuisemera chitseko cha mtengo wa mlombwa. Masiku amenewo zitseko za anthu zinali za mapesi ndi bango. Chathabwa chinali chimodzi chokha m'mudzi monsemo. Mlendo akafika kwa Kamtedza, asanamwe n'madzi omwe, ankayamba waonetsedwa chitseko.

Anabereka ana awiri aakazi. Wamkulu anali Nthambi. Wamng'ono anali Kanyada, kamwana kolongolola, koti mano ake anali asanayambe kuguluka.

Koma banja lija linayamba kuwawa. Nankhoma ankati, "Bambo a Nthambi, munda wasanduka tchire, inu muli pamthunzi kusema." Kamtedza ankati, "Mudzi uno mumandiona ngati khasu lanu. Ndikati ndilankhule, mumati mlendo akhale chete." Lero mkangano, mawa mkangano. Ankhoswe anabwera, nawayanjanitsa. Anabweranso, nawayanjanitsanso. Pamapeto pake ankhoswe nawo anatopa, nati, "Basi, lithe."

Tsiku logawana katundu linafika m'nyengo yachisanu, anthu atangotha kukolola. Anakhala pabwalo m'mawa. Woyendetsa nkhani anali a Chilowa, atsibweni ake a Nankhoma. Nkhoswe ya Kamtedza inali nkhalamba ina yogontha, imene inkangogwedeza mutu pa chilichonse.

A Chilowa anati, "Mbuzi mugawane pakati. Nkhwangwa ndi kasemasema ndi zanu, a Kamtedza, tengani. Chimanga cha m'nkhokwe chitsale, chifukwa odya ali pano. Ana atsala ndi mayi awo, ndi mbumba yakuno. Koma inu ndinu bambo awo mpaka kufa. Mukakolola muziwabweretsera chimanga, ndipo mukawasowa muzibwera, palibe adzakubwezani. Nyumba ndi ya ana."

Kamtedza anati, "Za nyumba ndamva. Nanga chitseko?"

"Chitseko ndi nyumba yomweyo, a Kamtedza."

"Ayi. Mlombwa ndinadula ndekha, ndinasenza ndekha, ndinasema ndekha. Ndi changa."

Anthu anayang'anana. Nankhoma analankhula motsitsa mawu. "Bambo a Nthambi, ino ndi nyengo ya mwera. Dikirani kutenthe, mudzachitenge. Kapena tengani mbuzi ina pa zanga, chitsekocho musiyire ana."

Koma mtima wa Kamtedza unali utatupa. Mbuzi sankaifuna. Ankafuna kuchoka ndi chinthu choti otsala amve kupweteka. Anati, "Ndanena kale, ndi changa."

Nankhoma anayang'ana pansi. "Atsibweni, asiyeni atenge."

Tsono mverani zimene anachita Kamtedza, munthu wamkulu, wandevu zake. Anapita kunyumba kuja dzuwa likuswa mtengo. Anapeza Kanyada atakhala pakhomo, akubereka chitsononkho. Anamunyamula, namukhazika pambali. Anadula zingwe, nagwedeza chitseko, nagwedezanso, mpaka chinazuka, dothi la pakhoma likuyoyoka. Nthambi anadziphimba kumaso ndi nsalu. Kanyada sanalire, anangoyang'ana pakamwa pali pululu. Kamtedza anapinda nkhata, nasenza chitseko pamutu, nauyamba ulendo wa kwawo. Za mbuzi zake anati adzatuma munthu kudzazitenga.

Anayenda, anayenda. Anafika pachitsime china, amayi akutunga madzi.

"Moni bambo. Chitseko chokongola bwanji. Nanga pakhomo pamene mwachichotsa mwatsekapo chiyani?"

"Ndi changa, ndinasema ndekha," anatero Kamtedza, nadutsa.

Anayenda, anayenda. Anakumana ndi bambo wina akuchokera kodula nsungwi.

"Wawa mnzanga. Kumene mwachoka kwapsa moto kodi, kuti mwapulumutsa chitseko chokha?"

"Ndi changa, ndinasema ndekha," anatero Kamtedza. Koma ulendo uno ananena akuyang'ana zala za kumapazi.

Anafika kwawo thukuta lili kamukamu, khosi litauma gwa. Mlongo wake Namwale anamulandira, namupatsa madzi. Anayang'ana chitseko, nayang'ana mchimwene wake, osafunsa kanthu. Kamtedza anachiyesa pakanyumba kamene anamupatsa, chinakula. Anachiyesa pakhomo pa mlongo wake, chinatalika. Anangochitsamiritsa kuseri kwa nyumba, nkhuku n'kumabisalako dzuwa.

Tsono kwawoko Kamtedza sanali mkamwini ayi. Kumeneko anali mwini mbumba, atsibweni a ana a Namwale, munthu woti akatsokomola anthu amasiya kulankhula. Ndipo mwezi usanathe, banja la Namwale ndi mwamuna wake Dzama nalonso linafika pothera. Anthu anasonkhana. Woyendetsa nkhani anali ndani? Kamtedza yemweyo.

Anakhala pampando, nakonza pakhosi. Munthu akakhala pampando wabwino amaiwala msanga, ana inu. Anayamba bwinobwino: mbuzi pakati, makasu pakati, ana atsale ndi mayi awo. Kenaka anakweza mawu. "Nyumba muisiye monga ilili, alamu. Musachotsepo ngakhale kamtengo. Adzukulu angawa asagone pamphepo."

Dzama anali munthu wofatsa, wosachulutsa mawu. Anaimirira, napita panyumba yake, nagwira udzu wa padenga, nasolola wodzaza dzanja. Anati, "Alamu, udzu uwu ndinamweta ndekha, ndinasenza ndekha, ndinafolera ndekha. Ndi wanga. Ndikufuna ndipite nawo."

Anasololanso wina.

Namwale anatembenukira kwa mchimwene wake. "Achimwene, aletseni."

Kamtedza anatsegula pakamwa, mawu osatuluka. Maso a anthu onse sanali pa Dzama ayi, anali kuseri kwa nyumba, kumene ngodya ya chitseko inkaonekera.

"Achimwene, lankhulani. Ana anga agona pati?"

Kamtedza anaweramitsa mutu. Ankalakalaka nthaka itang'ambika kuti alowemo.

Dzama anadikira pang'ono. Kenaka anabwezera udzu uja pamalo pake, nausalaza ndi dzanja. Anati, "Ndimangofuna ndione ngati muli ndi pakamwa pondiletsera. Ine ndasiyana ndi mayi awo, ana anga sindinasiyane nawo. Denga likhale. Chimanga ndizibweretsa." Anatenga khasu lake ndi mphasa, natsanzika aliyense, napita.

Anthu anabalalika osayang'ana Kamtedza. Namwale anatsala. Anati, "Achimwene, lero mwandivula pagulu. Ana anga awatchinjiriza ndi mwamuna wondisiya, inu atsibweni awo muli chete. Kuyambira tsiku limene munafika ndakhala ndikufuna kukufunsani, koma ndinkakuopani. Nthambi ndi Kanyada akugona bwanji?"

Manyazi anamugwira Kamtedza mpaka m'mafupa. Chakudya chinamukanika. Kutacha anapindanso nkhata, napukuta zitosi za nkhuku pachitseko, nachisenza.

Anayenda, anayenda. Chitseko chija chinali chomwecho, koma ankachimva kulemera kuposa poyamba. Anadutsa pachitsime paja. Amayi aja analipo. Anamuyang'ana, nayang'ana chitseko, osanena kanthu. Kukhala chete kwawoko kunamuwawa kuposa funso lija. M'njira monse ankakonza mawu: "Ndikafika ndikagwada. Ndikati mayi a Nthambi, ndinalakwa. Ndikachibwezera pamalo pake, ana akasangalala."

Anafika masana. Nankhoma ankapeta mapira pakhonde, Nthambi akusinja. Pakhomo paja panali chitseko china, cha bango, chopendama, chomangidwa ndi luzi, mipata yake yotseka ndi masamba a nthochi. Anachiluka mayi ndi mwana, ndipo zala za Nthambi zinali ndi mabala a bango. Kanyada anali atakhala padzuwa, atafunda nsalu ya mayi ake, akutsokomola chifuwa chouma.

Nthambi anaimika musi. Nankhoma anaika lichero pansi. Kamtedza anaima pabwalo, chitseko chili pamutu, kumwetulira kukumukanika. Anaitana, "Kanyada, mwana wanga, bwera."

Kanyada anadzutsa mutu, naona bambo ake. Anataya nsalu, nathamanga. Kamtedza anayesa akubwera kwa iye. Koma mwana anathamangira pakhomo, nakumbatira chitseko chabango chija ndi manja onse awiri, nachikanikiza ndi kachifuwa kake.

"Amayi, abwera! Abwera kudzatenganso ichi!"

"Ayi mwana wanga, ndabweretsa..."

"Musatenge, atate. Ichi chokha musatenge. Kumazizira."

Mawu onse amene Kamtedza anakonza m'njira anathawa. Anthu a m'mudzi anayamba kusuzumira m'mipanda. Munthu uja anangoima, misozi ikutsikira m'ndevu, manja ali m'mwamba kugwira thabwa, moti sakanatha n'kudzipukuta komwe.

Nankhoma sanamutukwane. Bola akanamutukwana. Anangoti, "Tulani, bambo a Nthambi, anthu akuona."

Anatula. Anagwada, nati, "Ndiloleni ndichibwezere."

Nankhoma anati, "Kuti muike chanucho, muyenera kuyamba mwachotsa chilipochi. Pemphani mwanayo. Akalola, ikani."

Kamtedza anapempha, mwana anakana. Anamunyengerera ndi nzimbe, anakana. Atangosendera pang'ono, mwana anakuwa mpaka chifuwa chinamutsamwa. Dzuwa litapendeka, Kamtedza anasiya chitseko chake pansi pa nkhokwe, nabwerera kwawo chimanjamanja.

Chifuwa cha Kanyada chinapola kutayamba kutentha. Kamtedza sanaphonye chaka, akakolola ankasenza chimanga n'kupita nacho kwa ana ake. Nthambi ankamulandira, n'kumupatsa mpando ndi madzi. Koma Kanyada akangomuona potulukira njira, ankasiya masewera, n'kukakhala pakhomo atatambasula miyendo, osasuntha mpaka bambo ake atapita. Anakula, anatha msinkhu, anakwatiwa, namanga yake nyumba. Bambo ake atabwera kudzaona mdzukulu, tsitsi lili mbuu, Kanyada anawayalira mphasa pabwalo, nawapatsa moni mwaulemu wonse. Koma mwiniwake Kanyada anakakhala pakhomo.

Nthano yanga yafika pamene imathera, nkhuni nazo zatha. Banja likamatha gawanani mbuzi ndi makasu, koma chimene chikutchinga ana ku mphepo musachigwire.