Bakha Woyera Amene Anagwidwa Nthomba

Panali munthu wina amene ankaweta abakha m'mphepete mwa dambo. M'mawa, nkhungu isanachoke, ankatsekula khola n'kuima kuwayang'ana akutsetserekera kumadzi. Ankayandama mwakachetechete ngati mitambo yotsikira pansi, ndipo iye ankaiwala kuti khasu lili paphewa. Patsogolo pawo pankakhala bakha wamkazi woyera, amene anamulera yekha chiswereni dzira.

Mvula itagwa, udzudzu unachuluka. Tsiku lina bakha woyera uja anatsalira m'mbuyo. Munthuyo atamunyamula anapeza tizilonda tonga njerewere pamlomo ndi pazikope. Mlangizi wa ziweto anati imeneyo ndi nthomba ya mbalame, imafala ndi udzudzu ndiponso pokhudzana, choncho wodwalayo asakhale ndi anzake.

"Bambo a Mwandida, ingomuphani mukamukwirire," anatero mkazi wake. "Kapena mukufuna khola lonse lithe?"

Iye anayang'ana bakhayo. Kumusiya m'khola kunali kupereka onse ku matenda. Kumupha, dzanja linkakana.

Anamanga kakhola ka bango patsinde pa mtengo wa mango, kutali ndi khola lalikulu, n'kukafunditsa neti. Koma bakhayo, maso atatsekeka ndi nkhanambo, anakana kudya. Ankangotembenuzira mutu komwe kunkamveka anzake.

Pamenepo munthuyo anapinda mphasa yake, nakaiyala pambali pa kakholako. Ankamutsuka maso ndi madzi ofunda, kumudyetsa madeya onyowa pachikhatho, kumuuza motsitsa mawu kuti akakombo ayamba kuphuka kudambo. Akatero ankasamba m'manja ndi sopo asanapite kwa enawo. Dzuwa likaswa mtengo ankawodzera pomwepo, masamba akuwayula pamwamba, bakhayo atatsamira bango kumbali yomwe ankamva kupuma kwa mbuye wake. Ndipo anayamba kudya.

M'kupita kwa masiku nkhanambo zinayoyoka. Diso limodzi linatseguka, linalo silinaonenso. M'khola lalikulu simunafe bakha ndi mmodzi yemwe. Woyera uja atachira anabwerera kwa anzake, atapendeketsa mutu kuti aone njira ndi diso lotsalalo.

Abale anga, imafika nthawi yakuti wina wa ife akhale payekha, kaya ndi matenda opatsirana, kaya ndi cholakwa chimene chingawononge mudzi. Ikafika, mupatuleni ndithu, musachite manyazi. Koma kumanga kakhola sikuvuta, aliyense amatha. Chimene ndikukufunsani lero n'chakuti, ndani mwa inu adzanyamule mphasa kukakhala naye?