Uta wa a Gwirize ndi Mfuti ya Mapaipi Awiri

Ana inu, mwambi uliwonse uli ndi kwawo. Uwu kwawo ndi kuseri kwa mapiri a ku Dowa, kumene kunkakhala a Gwirize, katswiri wa uta. Wina akakuuzani zosiyana, ameneyo adangomva za m'maluwa.

A Gwirize sankadziwa kuphonya. Ankalasa njiwa ili kumitambo, n'kubwerera kumudzi, kutereka madzi, kufwenkha fodya, kenako njiwa ija n'kudzagwera mumphika momwemo. Mlongo wawo atamwalira, adalera okha mwana wake Filimoni. Kutchire ankapita awiri. Filimoni ankanyamula gogodera, mfuti yachikale ya chipolopolo chimodzi, ya agwape, ndipo zamapiko zonse zinali za uta wa amalume.

Kenako Filimoni adapita ku Halale zaka zitatu, n'kubwerako ndi mfuti imene mudzi unali usanaionepo. Inali ya mapaipi awiri osanjikizana: wapamwamba wa chifefe, womwaza tizitsulo, wapansi wa chipolopolo chofika kutali. Anthu adatsutsana mpaka mbuzi zidasiya kudya n'kumamvetsera. Ena ankati kwatha kunyamula zida ziwiri. Ena ankati mfuti yofuna zonse siidziwa chilichonse. A Gwirize ankati n'njolemera ngati musi, ndipo tsiku lina chala chidzasokoneza pokokera, nkhwali idzalandira chipolopolo cha gwape, munthu n'kubwera kumudzi ndi nthenga zokhazokha.

"Amalume, chidzuke chamapiko, chidzuke chaziboda, ine ndili nacho," ankatero Filimoni akuseka.

Choipa chake n'chakuti mnyamatayo ankanena zoona. Mfuti ija inkagwetsa nkhanga zochuluka mpaka agalu adayamba kusankha chiwalo. Filimoni adasiya kuodira pakhomo pa amalume ake m'mawa. Ankangobwera madzulo, kugwada, n'kupereka nkhanga yonona ndi manja awiri, ati apumule, akula. A Gwirize ankathokoza bwinobwino, koma nyama ija inkakhala pammero. Iwo sankafuna nkhanga. Ankafuna mame a m'njira, ndi mapazi a mwana uja kumbuyo kwawo.

Tsiku lina anthu ali kumunda, a Gwirize adalowa m'nyumba ya Filimoni, natenga machaka a chifefe, aja a wonga wokutidwa ndi pepala. Adawaviika mumtsuko, kuwayanika pamwala, n'kuwabwezera m'thumba. A chipolopolo sadawakhudze. Mumtima ankati mbali ya mbalame ikakana, mwanayo adzakumbukira kuti kuli uta.

Kutacha nkhanga zidauluka pamphuno pa Filimoni, mfuti n'kungoti khe! Adabwerera maso ali gwaa, ndipo ataona mapepala otupa adadziwa kuti ndi dzanja la munthu. Pamaso pa anthu adalumbira potchula manda a mayi ake kuti wochita zimenezi sadzadya naye mbale imodzi, ngakhale kumaliro ake sadzapondako. Popeza m'nyumba ndi mwa mkazi, maso onse adagwera pa Nangozo, mkazi wake. Mwana wa eni adalira masiku awiri, osadziwa chopepesa.

A Gwirize misozi imeneyo idawalemera. Akakhala chete, wosalakwa apsa. Akaulula, lumbiro ligwera iwo, ndipo mwana amene adamulera sadzawathira ngakhale dothi. Tsiku lachitatu adatenga uta wawo, napempha Filimoni kuti awaperekeze kudambo. Atafika patsinde pa mkuyu adaima, natsamira uta ngati ndodo.

"Nangozo umusiye. Machaka aja ndidawaviika ndine."

Filimoni adangoti kukamwa yasa.

"Inu amalume? Ndidakulakwirani chiyani?"

"Palibe, mwana wanga. Mfuti yako ili ndi ntchito ziwiri, ndipo imodzi inali yanga."

Mawu a lumbiro anali pafupi kutuluka m'kamwa mwa Filimoni. Nthawi yomweyo kudabwera timba, kambalame kochepa ngati chala, n'kudzatera pansonga penipeni pa uta uja. Kadapukusa mchira, kuwayang'ana m'maso a Gwirize, munthu amene mbalame zikamva chifuwa chake zinkasamukira ku Ntchisi.

"Kalaseni," adatero Filimoni motsitsa.

"Ndikalasa bwanji? Muvi umapita kutsogolo. Aka kali pa ine."

Filimoni adayang'ana kambalameko, nayang'ananso imvi za amalume ake ndi manja amene adamunyamula potuluka kumaliro a mayi ake. Adatula mfuti pansi, misozi ili mbwee.

"Nanenso lumbiro langa ndidaliponya kutali, amalume. Sindinkadziwa kuti munthuyo ali pauta panga."

Tsiku lomwelo Filimoni adatenga kaufa m'chikho kukapepesa mzimu wa mayi ake kuti umasule mawuwo. A Gwirize adakagwada okha pamaso pa Nangozo, thadzi loyera lili m'manja, ndipo mkaziyo adawadzutsa mwamanyazi asanamalize n'kulankhula komwe.

Apa ndiye padachokera mawu akuti: mbalame ikakhala pauta siilasika. Mlandu wa munthu wakutali timaugamula msanga, pakamwa pali phwii. Koma wolakwa akakhala wako, amene adakulera kapena amene udamulera, dzanja limalemera. Uta ulipo, muvi ulipo, koma pokokera palibe.