Kabokosi Kofunsa za Mankhwala

Pali chinthu chimene Changu anakhala nthawi yaitali osauza munthu aliyense kwawo. Dzinali anamupatsa kuofesi, poti ntchito imene anzake ankaitafuna bwinobwino iye ankangoimeza. Ndiye analemba pulogalamu ya pa foni yokumbutsa odwala mankhwala. Nthawi ikakwana pankatuluka kabokosi kofunsa kuti, "Mwamwa mankhwala?" Pansi pake panali Inde ndi Ayi, ndipo yankho linkapita pa foni ya wachibale.

Tsiku lina mnzake woyesa mapulogalamu anakokera mpando pafupi.

"Achimwene, kabokosi kanuka kali ndi makomo ambiri. Wina amadina Inde, wina amangogunda chala pambali, wina amadina kabatani kobwerera m'mbuyo. Inu aliyense amene sanadine Ayi mwamulemba kuti wamwa."

"Wotseka kabokosi ndiye kuti wamwa, asisi. Ndizifunsa chala chilichonse kumene chagwera?"

"Kukonza kwake n'kungolemba timizere tochepa chabe m'pulogalamumo."

"Mawa," anatero Changu, maso ali pa kompyuta. Mawalo linamera mizu.

Pulogalamuyo anawaikiranso mayi ake, amene ankadwala kuthamanga kwa magazi. Mayiwo maso anali atayamba kuchita nkhungu, ndipo foni ankaidziwa pomvera nyimbo basi. Kabokosi kakawatchinga, ankakakankha ndi chala pambali ngati akuingitsa ntchentche. Pa foni ya Changu pankangobwera Inde wobiriwira, m'mawa ndi madzulo. Mtima unakhala pansi, mpaka anasiya kuimba. Afunsiranji zimene akuziona kale?

Tsiku lina mayi anagwa m'bafa, mbali imodzi n'kufa ziwalo. Mchemwali wamkulu wa Changu anapeza mabotolo a mankhwala m'kabati, ali odzaza mpaka pakhosi.

M'khonde la chipatala anamuikira botolo limodzi pamiyendo.

"Iwe unkati akumwa."

Changu akanatha kunamizira foni, ndipo palibe akanamutsutsa. Analitembenuza botololo, mapiritsi akulira m'katimo.

"Achemwali, foni sinaname," anatero chapansipansi. "Ndine ndinaiuza kuti kutseka kulikonse ndi Inde. Anandichenjeza, ine osamva."

Mchemwali wake sanakalipe. Anangomupatsa kapu ndi sipuni.

"Lowa ukawamwetse. Ukawafunse ndi pakamwa pakopo ngati ameza, kaya akakuyankha ndi chiyani."

Changu analowa, kapu ili m'manja. Mayi anamuyang'ana ndi diso limodzi, milomo ikuyesa dzina lake koma osalitulutsa.

Akuluakulu sananame: safunsa anadya phula.