Mapasa a Nasoko ndi Phala Loyera

Miyambi yambiri imene timaiponya lero poseka, ana inu, ena anaigula ndi misozi. Khalani bwino ndikuuzeni za umodzi, ndi za mayi amene anaugula.

M'mudzi wa Chinkhuti, kumapiri uko, munali mayi wina dzina lake Nasoko. Anthu ankamudziwa ndi chinthu chimodzi, ufa. Akakonola chimanga ankapeta kawiri, n'kuchibwezeranso mumtondo kuti pasatsale ngakhale kagaga kamodzi. Mphale ankaiviika masiku asanu, kuitsuka mpaka madzi atayera, kenaka kusinja, kusefa ndi kuyanika pamphasa. Ufa wake ukakhala padzuwa, odutsa ankatsinzina. Gaga yense ankakathira nkhumba imene inali m'khola kuseri kwa nyumba.

Ndisakunamizeni, Nasoko sanali mlesi kapena wouma mtima. Matenda ake anali m'maso. Ali mtsikana analerako mwana kunyumba ya kalaliki wina kuboma, ndipo kumeneko anaona ana akudya phala loyera lothira shuga m'mbale zonyezimira. Kuyambira pamenepo anaika mumtima kuti chakudya chabwino ndi choyera, ndipo chakuda kapena chobiriwira ndi cha anthu osowa pogwira.

Anakwatiwa ndi Lufeyo Nkhoma, amene ankagwira ntchito kuesiteti ya fodya ndipo ankabwera kumudzi mwa apo ndi apo, paketi ya shuga ili m'thumba. Mulungu anawapatsa mapasa, onse aakazi, Ndaona ndi Mwatitha. Anawo anali ofanana ngati mtedza wa m'khoko limodzi, moti bambo awo ankawasiyanitsa poyang'ana mikanda ya m'khosi.

Mapasawo asanakwanitse zaka ziwiri, Nasoko anaimanso. Amayi a m'mudzi anati awaletse kuyamwa msanga, poti masiku amenewo ankakhulupirira kuti mkaka wa mayi woyembekezera umadwalitsa mwana. Koma ana awiri olira, pathupi, munda ndi mtondo, zonsezi pa munthu mmodzi amene mayi ake anamwalira kalekale, zinali zolemera. Ndiye kunabwera Nankhoma, mlongo wake wa Lufeyo, mayi wamasiye wokhala kuseri kwa phiri. Iye anati atengeko mwana mmodzi akamulere mpaka wobadwayo atayamba kukhala pansi.

Nasoko analola chifukwa panalibe kuchitira mwina, koma mtima unamuwawa kwambiri. Ankadziwa zimene zinkadyedwa kwa mlamu wakeyo: mgaiwa, umene ndi ufa wa chimanga chosakonola, phala la mawere lakuda bii, bonongwe, chisoso, nkhwani wotendera, khobwe, ngumbi. Tsiku limene Mwatitha anaberekedwa kumbuyo kwa azakhali ake, Nasoko analira ngati kwagwa maliro. Anadzilonjeza kuti popeza mmodzi wapita kukadya za nkhumba, wotsalayu adya za kwa kalaliki.

Ndipo anachitadi. M'mawa phala loyera la shuga, masana phala loyera la shuga, dzuwa likapendeka chimodzimodzi. Mnansi wina atamubweretsera nsinjiro kuti azithirako, Nasoko anathokoza ndi pakamwa pokha. Nsinjirozo zinakhala m'chipanda mpaka mbewa zinamaliza, poti iye ankati zimadetsa phala. Masamba ankati amatsegula m'mimba. Mazira ankati mwana wamkazi sadya.

Patapita miyezi, masaya a Ndaona anayamba kutukumuka. Miyendo inadzaza, tsitsi linafewa n'kuyamba kufiirira. Nasoko anakondwa zedi. Ankapita naye kuchitsime kukaonetsa anzake mmene mwana wa shuga amanenepera, ndipo tsitsilo ankati likufanana ndi la ana a azungu. Chimodzi chokha chinkamusokoneza. Mwana wonenepayo sankaseka. Ankangokhala pamene wamuika, kulira chapansipansi, ndipo ngakhale kuyenda kumene anali atayamba anakusiya.

Tsiku lina akumusambitsa anagwira phazi lake mwamphamvu pang'ono. Atachotsa chala, pamalopo panatsala kadzenje, ndipo sikanabwerere. Nasoko anayang'ana kadzenjeko, nayang'ana chala chake, nadinanso paphazi linalo. Kadzenje kenanso. Apa m'pamene mantha anamugwira, chifukwa mnofu wa mwana wathanzi suchita chonchi.

Nkhani itamveka, aliyense m'mudzimo anasanduka dokotala. Amayi aakulu anati ndi tsempho, matenda amene akale ankati amagwira mwana makolo ake akalakwira mwambo wa m'nyumba. Lufeyo anaitanidwa kuchokera kuesiteti ndipo anamupanikiza ndi mafunso tsiku lonse. Iye analumbira kuti sanapondepo polakwika, nabwerera kuntchito atakwiya. Sing'anga wina anati ndi nsanje ya mnansi, nampatsa chithumwa chomanga m'chiuno. Nasoko anasiya kulankhula ndi mayi uja wa nsinjiro, koma kutupa sikunasiye. Wina anati ndi njoka za m'mimba, wina anati mwanayo waloza manda ndi chala.

Nasoko ankamvera onse, ndipo aliyense akamalankhula ankaoneka kuti akunena zoona. Mutu wake unaima. Ngati ndi tsempho, walakwa ndani? Ngati ndi ufiti, bwanji chithumwa sichikugwira? Za chakudya sanaganizeko n'komwe, pakuti chakudyacho chinali chabwino kuposa cha mwana aliyense m'mudzimo. Ndaona akakana phala, mayi ake ankangoonjezera shuga. Khungu la m'miyendo linayamba kusupuka, ndipo Nasoko anadziwa kuti mwana wake akupita.

Pomaliza mayi wina anati mapasa salekanitsidwa, mwanayu akulira mnzake. Nasoko anagwira mawu amenewo chifukwa ndiwo okha anali atatsala. M'mamawa anabereka Ndaona, namanga shuga wotsala pansalu, nayamba ulendo wokwera phiri, mwana kumbuyo, mwana kutsogolo. Njira yonse maganizo ankamudya. Ngati wodya shuga wafika potere, nanga wodya gaga ali bwanji? Mwinatu anamuika kale m'manda ndipo akumubisira chifukwa cha pathupi pakepo.

Anafika dzuwa litapendeka. Pamphepete pa bwalo la Nankhoma panali mtengo waukulu wa mkuyu, ndipo pansi pake ana ankasewera. Nasoko sanawayang'ane n'komwe. Maso ake ankafuna mphasa ya wodwala pakhonde. Nankhoma anamuthamangira, namulandira katundu, namukhazika pamthunzi wa mkuyuwo n'kumupatsa madzi. Moni asanathe, Nasoko anafunsa.

"Alamu, Mwatitha wagona kuti? Ngati zinavuta musandibisire."

"Wagona? Si uyo akukoka mbuzi mchira?"

Nasoko anatembenuka. Anaona kamtsikana kafumbi thupi lonse, kosanenepa kwenikweni koma kolimba miyendo, tsitsi lakuda, dzanja lina litagwira chidutswa cha dzungu. Kanagwa, kanadzuka kokha, kanaseka. Akanapanda mikanda ya m'khosi, Nasoko akanati ndi mwana wa eni.

Pang'onopang'ono anamasula nsalu n'kutsitsa Ndaona. Nankhoma atamuona anagwira pakamwa. Mapasa aja amene bambo awo sankatha kuwasiyanitsa anali pamphasa imodzi, wina akudumpha, wina akulephera kudzutsa mutu.

Mukuganiza kuti apa Nasoko anamvetsa? Ayi ndithu. Munthu akasokonezeka amaluma ndi dzanja lomwe likumudzutsa.

"Alamu, mwam'patsa mankhwala anji mwanayu?" anafunsa. "Kapena mwakoka mphamvu za mnzakeyu n'kumuthira iye?"

Mawuwo anam'baya Nankhoma, ndipo misozi inalengeza m'maso mwake. Koma anali mayi wodziwa kumeza mawu. Analowa m'khitchini, natuluka ndi mphika ndi kambale, naziika patsogolo pa mlendoyo. Mumphika munali phala la mgaiwa lothira nsinjiro, lotsala masana. M'kambalemo munali nkhwani wotendera ndi khobwe wofinya.

"Mankhwala anga ndi awa," anatero. "Ena ndilibe."

"Koma izi," Nasoko anayang'ana madontho a gaga m'phalamo, "izi ine ndimapatsa nkhumba."

"Nanga nkhumbayo ili bwanji?"

Nasoko anaikumbukira. Nkhumba yake inali itanenepa mpaka kulephera kutuluka pakhomo la khola, ndipo anthu ankabwera kudzaiona. Koma ngakhale apa mutu wake unkakanabe. Zingatheke bwanji kuti chinthu choyera, chimene iye anachivutikira masiku asanu, kutsuka ndi kusefa, chikhale chopanda kanthu? Zingatheke bwanji kuti zotaya zikhale ndiye chakudya? Ndiye kuti ana a kalaliki aja ankadyanso zina zimene iye sanaziwerengere, mkaka uja, nyemba zija, mazira aja?

Ali m'maganizo choncho, njala ya ulendo inamukumbutsa kuti sanadye kanthu chichokere kwawo. Pansi panali nkhuyu zambiri zakugwa. Dzanja lake linadutsa zofota ndi zamawanga, n'kusankha imodzi yofiira bwino, yosalala, yonenepa. Anaiponya m'kamwa n'kuluma. Nthawi yomweyo analavula. Nyerere zinali pamilomo, palilime, zina zikutsikira kuchibwano, ndipo iye ankadzipukuta ndi nsalu uku akutsokomola.

Ana anaseka, koma Nankhoma sanaseke. Anatola chidutswa cha nkhuyuyo n'kumuonetsa. Khungu linali lokongola ndithu, koma m'kati munali mphako yodzaza tizilombo. Kenaka anayang'ana masaya otupa a Ndaona, nayang'ana kamtolo ka shuga kamene kanali pamphasa, nanena motsitsa mawu.

"Chikomekome cha mkuyu, alamu. M'kati muli nyerere."

Nasoko anayang'ana nkhuyuyo, nayang'ana mwana wake. Kenaka analira kulira kwa munthu amene wapeza mfiti imene ankaifunafuna, n'kuona kuti ndi manja ake omwe, manja amene anachita zonsezo chifukwa cha chikondi. Nankhoma anamusiya alire, natenthetsa phala lija n'kulisungunula ndi madzi kuti likhale lopepuka.

Ndaona analikana. Lilime lake linkadziwa shuga yekha, ndipo anatembenuza nkhope. Nasoko anafuna kumasula kamtolo kaja, koma mlamu wake anamugwira dzanja. Ndiye Mwatitha, amene sankadziwa kuti pali nkhani, anabwera n'kuviika chala m'mbalemo, nanyambita, naviikanso. Ndaona anamuyang'ana kanthawi. Supuni itabweranso, anatsegula pakamwa.

M'mawa mwake amayi awiriwo anapita ndi Ndaona kuchipatala cha mishoni, ndipo namwino wa kumeneko ananena zomwezo, kuti mwanayu wakhuta koma ali ndi njala. Anawapatsa mkaka ndi mankhwala, nawauza kuti azimudyetsa pang'onopang'ono koma kawirikawiri. Patapita masiku kutupa kunaphwa, ndipo pansi pake panaonekera nthiti zokhazokha. Nasoko anasokonezekanso, nati phala lakudalo likumuondetsa mwana. Nankhoma anachita kumulimbitsa mtima kuti kuonda kumeneko kunalipo kale, madzi ndiwo ankakubisa.

Nasoko anachirira komweko kwa mlamu wake, mwana wamwamuna. Wakhandayo asanayambe kukhala pansi, Ndaona anagwira chipupa n'kuimirira. Atabwerera ku Chinkhuti, Nasoko anayamba wapita kwa mnansi uja kukapepesa ndi kukapempha mbewu ya mtedza. Ufa woyera anausiyira alendo ndi masiku a ukwati, ndipo nkhumba ya kuseri ija inayamba kuonda.

Ndaona anachira, anakula, anakwatiwa, anaona zidzukulu. Koma miyezi ija sinabwerere. Moyo wake wonse ankalekeza paphewa la Mwatitha, ndipo akauza alendo kuti iwo ndi mapasa, alendowo ankaseka poyesa nthabwala. Nasoko akamva kusekako ankayang'ana pansi. Mpaka ukalamba wake, akaona mayi wachitsikana akusefa ufa kachiwiri mwana ali kumbuyo, ankaima n'kumuuza mawu a mlamu wake aja, ndipo umo ndi mmene mawuwo anafalira mpaka kufika kwa ife.

Tsono mukamva akulu akuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, akutanthauza kuti maso amaona khungu lokha. Chinthu chingathe kukongola kunja, m'kati muli zoluma kapena mulibe kanthu. Mwambiwu amaunena pa munthu wa mawu okoma ndi mtima woipa, pa nsalu yowala yosachedwa kung'ambika, ndi pa chakudya chomwe. Inu a masiku ano, amene mumakankha mbale ya bonongwe n'kuthamangira zotsekemera za m'mapaketi onyezimira, musaseke Nasoko. Iyenso ankasankhira mwana wake chimene chinkaoneka chabwino koposa.