Gologolo ndi Chipika Chosanza Mtedza

Chaka chimene njala inaluma mpaka afisi kuyamba kudya masuku, Gologolo sanavutike n'kukumba zikhawo ngati anzake. Anagoba chipika, n'kuikamo magudumu atatu ojambulidwa nthochi, nsomba ndi mazira, pambali n'kumangapo chokokera. Pansi anaboola kauna kopita kunkhokwe yake.

Woyamba kufika anali Njati, atasenza thumba la mtedza wambewu. Thupi anali nalo, koma nzeru zosadzaza supuni.

"Achimwene, ponyani njere imodzi, mukoke apa," anatero Gologolo. "Mazira atatu akandandalikana, makinawa asanza dengu lathunthu."

Njati anaponya, n'kukoka. Dzira, dzira, nsomba.

"Mwaphonya pang'onong'ono. Chiboda chanuchi n'chamwayi, yesaninso."

Chimene Njati sankadziwa n'chakuti pagudumu lachitatu panalibe dzira ngakhale limodzi. Ndipo Njati akayamba kugwa ulesi, Gologolo ankagwetsa njere zitatu n'kuliza belu ngati kwabwera mkwatibwi. Njati ankavina fumbi koboo, osakumbukanso zonse zimene chipika chameza.

Tsiku lachitatu thumba linapepuka. Njati anatsitsa nyanga.

"Iwe kamwana, chipika chakochi ndichiphwanya."

"Phwanyani, achimwene. Koma mimba yake yadzaza, chatsala pang'ono kusanza. Kapena ingopatukani, a Mvuu akudikira apo. Atole okha zimene mwadyetsa inu."

Njati anathamangitsa Mvuu mpaka kumtsinje, n'kubwerera wefuwefu kudzalondera msampha wake womwe. Njere yomaliza inalowa. Dzira, dzira, nthochi.

"Magudumu auma," anatero Gologolo. "Musachokepo, ndikatenge mafuta."

Mafutawo anakawatenga kutsidya la mtsinje, atasenza mtedza wonse, akuseka mpaka misozi.

Mvula inagwa, anzake anadzala, Njati ali chikhalire. Mkazi wake anabwera ndi khasu paphewa.

"Bambo, mbewu ija ili kuti? Ana adzadya chiyani?"

"Musandisokoneze, mayi. Chatsala pang'ono."

Amene anamaliza nkhaniyi ndi chiswe. Chipika chinafumbutuka, m'kati mulibe kanthu, gudumu lachitatu n'kugubuduka mpaka pamapazi a Njati. Analitembenuza uku ndi uku, kufunafuna dzira. Mkazi wake anangogwira pakamwa, akuganiza kuti tsopano maso atseguka.

"Taonani tsoka langa," anatero Njati. "Mvula yafufuta dzira, ine ndili pafupi kupambana."

Chitsiru chotere sumachibera, chimakusenzera chokha katundu mpaka pakhomo.