Nyimbo Zimene Belmiro Sadamvere

Kuseri kwa msika wa Furancungo, pakati pa wogulitsa matayala a njinga ndi nyumba yometera ya Caetano, padali kakhumbi ka malata ka Belmiro. Ntchito yake idali yothira nyimbo m'makartau, tizipangizo tolowetsa m'foni tija, tosaposa chikhadabo kukula kwake. Koma chimene chidamutchukitsa si kuthirako ayi. Lachisanu lililonse ankajambula mawu ake pafoni, kutchula nyimbo zatsopano zoyenera kumva ndi zimbale zimene zili m'njira, n'kutumiza m'magulu a WhatsApp. Oyendetsa shapa, timabasi tonyamula anthu tija, ankaika mawuwo pa chimkuzamawu, anyamata a mota, njinga zamoto zija, ankapatsirana, mpaka ankakwera mapiri kukafika ku Tsangano. Oimba odziimira paokha, awa opanda bwana ku Tete kapena ku Maputo, ankadziwa kuti Belmiro akakutchula, dzina lako layenda.

Tisamunamizire, poyamba munthuyu adali ndi khutu. Nyimbo ankaimvera kuchokera kumutu mpaka kumchira, ndipo akanena kuti iyi ndi yabwino, idalidi yabwino. Koma kutchuka kudamulowa m'mutu. Makartau a oimba adayamba kuunjikana m'chitini cha mkaka, ndipo iye adaona kuti munthu wodziwika maboma awiri sangataye tsiku akumvera aliyense amene wagwira gitala. Adapeza njira yachidule. Ankangoponyera Caetano pawindo, amvekere, "Mano, m'bale wanga, undimverere aka uku ukumeta, undiuze kuti muli chiyani." Caetano naye makina ometera ali m'manja, pakamwa pali nkhani za mpira, ankamva poyambira pokha n'kupereka chigamulo.

Tsiku lina Belmiro adalandira foni kuchokera ku Ntengo-Wambalame. Woimbayo adali Olinda, mlimi wa kachewere, mayi wa ana atatu. Mwamuna wake, Wyson, adali atamwalira chaka chathacho. Wyson adali woimba wa kumudzi, wosakaniza gitala ndi mapondedwe a ngoma ya Angoni, gule amene kwawoko amavina pa chisangalalo ndi pa maliro pomwe. Atamva m'thupi kuti matenda amugonjetsa, adapita ku Ulongwe kukajambula nyimbo zisanu ndi imodzi zotsanzika ana ake, n'kutcha chimbalecho Mukumbe Bwino. Mwini situdiyo, pokhala ndi kompyuta yaing'ono, adathira nyimbozo m'makartau awiri n'kufufuta kwake kuti apeze malo. Mawu onse a Wyson otsala pansi pano adali m'tizinthu tiwiri timeneto.

Olinda adavutika chaka chathunthu kuti nyimbozo ziloledwe kutuluka. Mlamu wake wamkulu, a Fabião, adali mkulu wa mpingo, ndipo kwa Angoni mawu a mkulu wa malemu ndiwo amatseka nkhani. A Fabião sadali munthu wouma mtima, koma ankaopa chinthu chimodzi. "Cunhada, mlamu wanga," adatero, "ine ndaona nyimbo za anthu akufa zikuvinidwa m'mabala. Mng'ono wanga sindifuna aziseketsa zidakwa. Zikabweretsa phokoso, nyimbozi zimutsatira mwini wake." Olinda adalumbira kuti sizidzatero. Adagwirizana kuti tsiku lomanga chiliza, abale ndi ampingo atapemphera, adzamvera chimbalecho pamodzi, kenako chidzaloledwa kuyenda.

Zonsezi Olinda adayesa kufotokoza pafoni paja, pomupempha kuti adzatchule chimbalecho chikaloledwa kuyenda. Koma Belmiro foni adaipanira paphewa, maso ali pa bawo limene ankasewera pakhomo. Adangotola dzina, mudzi ndi tsiku.

"Pronto, mayi, ndamva. Tumizani pa shapa."

"Koma mumvere kaye, bambo. Makamaka yomaliza ija. Musananene chilichonse mumvere."

"Ine ndi Belmiro, mayi. Ntchito yanga musandiphunzitse."

Kartau imodzi mwa awiri aja idafika itakulungidwa m'kansalu, ndipo sidagone n'komwe m'dzanja lake. Idadutsa pawindo. Caetano adaiika m'chimkuzamawu chake uku akumeta mwana wolira. Nyimbo yoyamba idayamba ndi mapazi a amuna akuponda pansi mwamphamvu, gitala ikuthamanga pambuyo. Mawu asanalowe n'komwe, kasitomala wina adapempha kuti amuikire mpira.

"Muli chiyani?" adafunsa Belmiro madzulo ake.

"Epa, moto weniweni! Zovina, mano. Fumbi lokhalokha."

Basi, kumvera kwake kudathera pomwepo. Lachisanu Belmiro adakhosomola, n'kutsegula pakamwa pake potchuka paja. Adatchula kaye kwaya ina ya ku Chidzolomondo, natchula mnyamata wina woimba zothamanga za achinyamata, kenako adakweza mawu. "Koma chimbale cha sabata ino, abale anga, ndi Mukumbe Bwino cha Wyson wa ku Ntengo-Wambalame! Ndachimvera ndekha katatu, miyendo ikuyabwabe mpaka pano. Mawa kuli festa, phwando lotsegulira chimbalechi, kumudzi kwawo. Tengani okondedwa anu, tengani chakumwa chanu. Mwini wake adzakhala pompo, mudzamugwira chanza!"

Taonani bodza lopanda ndi manyazi omwe. Katatu! Munthu amene ngakhale kansalu kokulungira sadamasule yekha. Ndipo kumudzi kwa Olinda, kumene foni imagwira pokhapokha utakwera pachulu, anthu adali otanganidwa ndi kututa mchenga ndi kuphika, moti palibe adamva kuti malemu awo alonjezedwa kwa anthu kuti adzawagwira chanza.

Loweruka kudacha bwino. Amisiri adamaliza chiliza m'mawa, simenti ya kumiyendo ikadali yaiwisi. Abale adakhala pansi mozungulira manda, amayi mbali ina, abambo mbali ina, ana a Wyson patsogolo atavala zoyera. A Fabião adali ataimirira, buku la nyimbo lili m'manja, pamene kumsewu kudamveka chiphokoso.

Idali lole yaing'ono yodzaza anyamata ndi atsikana, mota zingapo zikuiperekeza, malipenga ali pii pii. Pamwamba pa lole adamangirirapo chimkuzamawu chachikulu chikulavula nyimbo za m'bala. Ena adali atayamba kumwa kuchokera ku Furancungo, ena adakwerera m'njira. Kutsogolo, magalasi akuda ali pamphuno, kudakhala Belmiro mwini wake, kartau ya Wyson ili m'thumba, poti adati akathirira anthu komweko ikatentha festa. Ataona khamu la anthu pansi pa mitengo, woyendetsa adakhotera komweko.

Nyimbo ya mpingo idadukira pakati. Mnyamata wina adalumpha m'lole botolo lili m'manja, n'kufuula, "Ali kuti Wyson? Atuluke tivine!" Mnzake, osaona kumene akuponda, adadutsa pamwamba pa manda a mayi ake a Fabião. Mwana wamng'ono wa Wyson, kamtsikana kosayamba ndi sukulu komwe, atamva dzina la bambo ake likuitanidwa motsimikiza chotero, adaimirira n'kuyamba kuyang'anayang'ana m'khamumo.

Amene adaona zimenezo sadzaiwala. Amayi adayamba kulira mokweza, kulira kwa mkwiyo. Anyamata a m'mudzi adatola makasu a amisiri, ndipo pakadapanda a Fabião kukweza dzanja, tsiku limenelo pakadakumbidwa manda ena. Woyendetsa lole adazimitsa chimkuzamawu. Alendo aja, mowa utawathawa m'mutu, adayamba kubisa mabotolo kumbuyo ngati ana ogwidwa ndi shuga.

Belmiro adatsika, navula magalasi. "Desculpa, pepani akuluakulu. Pakhala kusamvana pang'ono. Ine ndimafuna kuthandiza."

Olinda adadzuka pamphasa. Sadafuule. Adamanga chitenje chake bwinobwino, n'kuyenda mpaka kuima pamaso pake.

"Inu ndinu a Belmiro?"

"Ndine, mayi."

"Wyson amene mwalonjeza anthu kuti amugwira chanza ndi uyo wagona apoyo. Kamugwireni."

Belmiro adayang'ana chiliza, nayang'ana pansi.

"Anyamata anuwa akuti munanena kuti mwamvera katatu," adapitiriza Olinda. "Chabwino. Muli nyimbo zisanu ndi imodzi. Tchulani imodzi yokha. Ngakhale mzere umodzi, pamaso pa alamu angawa, kuti adziwe kuti mwina munangolakwitsa kumva."

Munthu amene pakamwa pake pankadyetsa maboma awiri adayamba kuzembazemba. Adati yoyamba ija ili ndi mapazi. Adati kwenikweni amene adamvera bwino ndi mnzake wina wometa, ndiye adamuuza kuti ndi zovina.

"Wometa," adatero Olinda, akugwedeza mutu. "Mwamuna wanga anajambula nyimbo izi akutsokomola magazi. Yomaliza anaimba atakhala pansi chifukwa miyendo inali itakana. Akuuza ana ake mmene angakumbire kachewere osamubaya ndi khasu, poti iye sadzakhalapo kuti awaonetse. Ine ndakhala chaka chonse ndikugwada kwa alamu anga kuti mawu amenewa asafe. Inu zinakukanikani kukhala pansi nthawi yophika tiyi? Bweretsani kartau yanga."

Belmiro adaitulutsa m'thumba. Adayesa kunena kuti akonza zonse, kuti Lachisanu likubwerali apepesa pagulu, kuti chimbale ichi achikweza kuposa china chilichonse. Apa ndi pamene a Fabião adayankhula, ndipo mawu awo adali otsika.

"Mwachikweza kale, mwana wanga. Kuyambira lero aliyense womva dzina la Mukumbe Bwino azikumbuka lole iyi ndi mabotolo awa. Azikaiika m'bala kuti aseke za festa ya kumanda." Adatembenukira kwa Olinda. "Cunhada, mlandu si wanu, ndikudziwa. Koma ndinanena pamaso pa abale, ndipo zimene ndinkaopa zabwera ndi miyendo yake mpaka pamanda a amayi."

Olinda adagwada. "Alamu, ngakhale ana okha amve kamodzi."

A Fabião adayang'ana anawo, misozi ikutsika osaipukuta. Kenako adalola. Adauza alendo onse kuti abwerere ku lole, atalikire. Olinda adatenga ana ake atatu n'kukhala nawo kuseri kwa chiliza, foni ili pakati pawo, mawu atatsitsidwa kwambiri moti ngakhale abale amene adali pafupi ankangomva kunong'ona. Belmiro adaima kumsewu, akuona mitu inayi itagundana pa kafoni. Kwa nthawi yoyamba m'miyezi yambiri adafunitsitsa kumva nyimbo, adatchera khutu mpaka kupendeketsa mutu, koma mphepo ya ku Tsangano sidamubweretsere kanthu.

Nyimbo yomaliza itatha, Olinda adatulutsa kartau ya m'foni, naiphatikiza ndi inzake ija, n'kupereka zonse kwa mlamu wake ndi manja awiri. A Fabião adawerama kumiyendo kwa chiliza, nakanikiza timakartau tiwirito m'simenti yaiwisi ndi chala chachikulu. Mmisiri adadutsitsapo chitsulo chake chosalazira, ndipo pamalopo padangoti see.

Lole idabwerera ku Furancungo chimkuzamawu chili chozimitsa. Nkhani idafika kumsika iwo asanafike. Belmiro adayesa kukankhira mlandu kwa Caetano, koma wometayo adamuyankha pamaso pa anthu, "Ine ntchito yanga ndi tsitsi, mano. Amene amauza dziko kuti wamvera katatu ndi iwe." Mawu a Lachisanu adapitirira kwa kanthawi, koma oyendetsa shapa adaleka kuwaika, ndipo akatchula nyimbo kuti ndi yabwino, anthu ankafunsana kuti kodi wamva ndi ndani, iye kapena wometa. Oimba adayamba kudutsa pa kakhumbi kake osapatuka.

Koma zimenezo n'zazing'ono, ndipo sindikumumvera chisoni. Dzina la munthu wamoyo limatha kuchapidwa. Chimene chimandiwawa ine n'chakuti ku Ntengo-Wambalame kuli ana atatu amene adamva bambo awo akuwatsanzika kamodzi kokha, mothamanga, kuseri kwa manda, ndipo wamng'ono uja lero sakumbukanso ngakhale mmene mawuwo ankamvekera. Chimbale chimene chikadayenda m'mashapa ndi m'mafoni mpaka ana a anawo chidathera m'simenti chifukwa munthu mmodzi adaona kuti makutu ake ndi apamwamba kwambiri, n'kubwereka a mnzake. Akuluakulu sadaname pamene adati kandimverere adakanena za m'maluwa.